Kudutsa maboda a ku Ulaya pa galimoto: mafunso ndi mayankho

Sukulu zikamayandikira kutsekera ku Britain, mafunso ake amakhala omwewa chaka ndi chaka. Wina akufuna kukaona mlongo wake ku Brussels, wina ali ndi ukwati ku Frankfurt, ena angofuna kuti ana akaone mapiri a ku Switzerland ndi maso awo, ndipo onse awerengera n'kupeza kuti matikiti a ndege a anthu asanu akuwawa kuposa mafuta a galimoto. Ofunsa ambiri amakhala ku Britain ndipo ali ndi pasipoti ya Malawi, n'chifukwa chake mayankhowa atsamira kumeneko. Wochokera ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg amene akufuna kukabwereka galimoto akatera apezamonso zake. Mitengo ndi malamulo zimasinthasintha, choncho musananyamuke tsimikizani pa masamba a boma la dziko lomwe mukupita.

Kodi n'zoona kuti ku Ulaya kulibe maboda?

Chimene kulibe ndi mpiringidzo. Amene anazolowera pa Mwanza, pa Mchinji kapena pa Beitbridge akamva mawu oti boda amaona mzere, mafomu, zidindo ndi anyamata osintha ndalama. Pakati pa France ndi Belgium mungadutse galimoto ili pa liwiro, n'kuzindikira chifukwa foni yalira kukulandirani m'dziko lina. Izi zinayamba ndi pangano lomwe mayiko asanu anasainira m'kamudzi ka Schengen ku Luxembourg mu 1985, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1995.

Koma malirewo alipo ndithu. Mukangowadutsa, liwiro lololedwa lasintha, kalipiridwe ka msewu kasintha, mlingo wa mowa wololedwa kwa dalaivala wasintha, nthawi zina ndi ndalama yomwe. Pa Mwanza pali munthu wokuuzani zimene mukusowa musanalowe. Kuno palibe wokuuzani, kamera imangojambula nambala.

Ndi mayiko ati ali mu Schengen, nanga amene sali ndi ati?

Alipo 29. Ambiri ndi a mu European Union, kuphatikiza anayi amene sali mamembala ake: Switzerland, Norway, Iceland ndi Liechtenstein. Croatia inalowa mu Januwale 2023, ndipo Romania ndi Bulgaria anachotsa zoona mapasipoti pa maboda awo apamtunda pa 1 Januwale 2025.

Britain sinakhalepo mu Schengen, ngakhale Brexit isanachitike. Ireland ili mu European Union koma siili mu Schengen. Serbia, Bosnia, Montenegro, Albania, North Macedonia, Kosovo ndi Turkey ali kunja kwa zonse ziwiri, ndipo kumeneko mukapeza boda yeniyeni ngati ya kwathu.

Ndili ndi pasipoti ya Malawi koma ndimakhala ku Britain movomerezeka. Ndikufunikabe viza?

Inde. Chilolezo chanu chokhalira ku Britain, kaya n'cha ntchito, cha sukulu kapena chokhaliratu, chimathera pa Dover. Apolisi a ku France amayang'ana pasipoti, ndipo ya Malawi, ya Zambia, ya Zimbabwe, ya Mozambique ndi ya South Africa zonse zimafuna viza ya Schengen. M'banja limodzi zimachitika kuti bambo ndi ana ali ndi mapasipoti a Britain, safuna viza, pamene mayi akuifuna. Aliyense m'galimotomo amaweruzidwa ndi pasipoti yake, ngakhale khanda.

Viza ya munthu wamkulu ndi mayuro 90, ya mwana wa zaka 6 mpaka 12 ndi mayuro 45, kuwonjezera zomwe amalipiritsa makampani olandira mafomu monga VFS Global ndi TLScontact. Amafuna inshulansi ya chipatala yokwana mayuro 30,000, umboni wa kogona, wa ndalama ndi wa ntchito. Popeza mulibe tikiti ya ndege, ikanipo buking'i ya sitima yowolotsa galimoto, mapepala a galimotoyo, layisensi ya woyendetsa ndi kalata yofotokoza njira yanu tsiku ndi tsiku. Pasipoti ikhale yoti inaperekedwa m'zaka 10 zapitazi, ikhale ndi masamba awiri osalembedwa, ndipo itsale ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke.

Amalola kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Yankho limatuluka m'masiku 15 zikayenda bwino, koma likhoza kufika masiku 45, ndipo chovuta kwambiri nyengo yotentha ndi kupeza tsiku lokaperekera mafomu. Ulendo wa mu Ogasiti yambani kuuthamangira mu Malichi.

Tidutsa mayiko anayi. Viza ndikapemphe kwa kazembe wa dziko liti?

Wa dziko lomwe mukakhalitseko. Ngati mugona usiku umodzi ku France, uwiri ku Belgium ndi usanu ku Germany, pemphani ku Germany, ngakhale kuti mulowera ku Calais. Masiku akafanana m'pamene mumapempha ku dziko lomwe muyambire kulowa. Ena amathamangira kumene kwapezeka tsiku msanga n'kupeka ulendo wabodza. Sitikulangiza zimenezo: akakufunsani pa boda n'kuona kuti mahotela anu onse ali kwina, akhoza kukubwezani, ndipo viza yotsatira idzavuta.

Masiku 90 mwa 180 amawerengedwa bwanji?

Imani pa tsiku lililonse la ulendo wanu, muwerenge chobwerera masiku 180. Masiku onse omwe munali mu Schengen m'nthawi imeneyo asapose 90. Tsiku lolowa ndi lotuluka onse amawerengedwa, ndipo mayiko onse 29 ali ngati dziko limodzi, kotero kuchoka ku Spain kupita ku Portugal sikuyambitsa kuwerenga mwatsopano. Lamuloli limakhudzanso a mapasipoti a Britain. Amene muli ndi viza yang'anani pa chomatacho, chifukwa mwina anakupatsani masiku 15 okha ngakhale vizayo ikuthera patali.

Pa viza yanga alemba 01 pomwe ya mnzanga alemba MULT. Zili ndi kanthu?

Zili ndi kanthu kwambiri kwa woyenda pa galimoto. 01 ndiye kuti mulowa kamodzi. Mukatuluka mu Schengen vizayo yatha, ngakhale masiku atatsala. 02 ndi kawiri, MULT ndi kangapo. Wa pa ndege sadandaula nazo, koma msewu umatuluka mu Schengen mosakuuzani.

Chitsanzo chodziwika ndi cha ku Croatia. Msewu wakale wa m'mbali mwa nyanja wochokera ku Split kupita ku Dubrovnik umadula kachigawo kochepa ka Bosnia pa tauni ya Neum. Wa viza ya 01 akalowa pamenepo watuluka, ndipo makilomita ochepa kutsogolo apeza boda ya Croatia yomwe sangadutsenso. Kuyambira mu Julayi 2022 pali mlatho wa Pelješac womwe umalambalala Neum, koma onetsetsani kuti mapu a pa foni akukupititsani pa mlathowo. Wochoka ku Hungary kupita ku Greece nayenso mapu amamuonetsa njira yachidule ya ku Serbia ndi North Macedonia. Yokhala mu Schengen mokhamokha ndi yozungulira ku Romania ndi Bulgaria. Andorra, kadziko ka m'mapiri pakati pa France ndi Spain komwe anthu amakonda kukagula zotchipa, nako sikali mu Schengen. Monaco, San Marino ndi Vatican mulibe vuto.

Popempha viza, chongani kuti mukufuna kulowa kangapo ndipo fotokozani chifukwa chake m'kalata.

Galimoto iwoloka bwanji nyanja kuchoka ku Britain?

Njira zotchuka ndi ziwiri. Sitima ya pamadzi ya Dover kupita ku Calais imatenga pafupifupi ola ndi theka, ya ku Dunkirk maola awiri. Mumasiya galimoto pansi n'kukwera kumtunda kukakhala. Ina ndi LeShuttle, sitima ya panjanji yodutsa pansi pa nyanja kuchoka ku Folkestone, mphindi 35 zokha, ndipo mumakhala m'galimoto mwanu. Galimoto yoyendera gasi wa LPG siiloledwa mu LeShuttle. Okhala kumpoto angapewe ulendo wautali wa ku Dover pokwera sitima za usiku: Hull kupita ku Rotterdam, kapena Newcastle kupita ku IJmuiden pafupi ndi Amsterdam.

France ili patsogolo ndi ola limodzi. Nyengo yotentha nthawi ya ku France, Germany ndi Italy imafanana ndendende ndi ya ku Malawi, ndiye poimbira kumudzi simuvutika kuwerengera.

Nanga boda ya France ndikaipeza kuti?

Musanawoloke. Pa Dover ndi pa Folkestone apolisi a ku France amakhala ku mbali ya Britain, ndipo pobwerera a Britain amakudikirirani ku Calais. Mukatsika tsidya linalo mumangolowa mumsewu waukulu. Pa njira za Hull ndi Newcastle amakuonani mukafika.

Kuyambira pa 12 Okutobala 2025 mayiko a Schengen anayamba kugwiritsa ntchito njira ya pa kompyuta yotchedwa EES m'malo mwa chidindo. Ulendo woyamba amajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala, kupatula zala za ana osafika zaka 12, ndipo mungauzidwe kuti nonse mutsike m'galimoto. Onjezerani nthawi, makamaka Loweruka loyamba la holide. Mapepala omwe munapemphera viza akhale pafupi, osati pansi pa masutikesi, chifukwa wapolisi ali ndi ufulu wofunsa kogona ndi tikiti yobwerera. ETIAS yomwe mumaimva, chilolezo cholowera chopempha pa intaneti, ndi ya anthu osafuna viza. Wa pasipoti ya Malawi siimukhudza.

Ndikalowa, pasipoti ndingaisiye ku hotela podumphira dziko loyandikana nalo?

Ayi. Malamulo a Schengen amalola dziko kubwezeretsa zoona anthu pa malire kwa kanthawi, ndipo "kanthawi" kameneka mayiko ena akhala akukawonjezera kwa zaka. Germany inayamba kuona anthu pa malire ake onse apamtunda pa 16 Seputembala 2024. Austria, France, Denmark ndi Sweden akhala akuchita zofanana. Saimitsa aliyense: magalimoto amachepetsa liwiro, wapolisi amasuzumira, n'kusankha oti apatuke. Tisanamizane, galimoto ya nambala zachilendo yodzaza anthu akuda ndi katundu imasankhidwa kawirikawiri. Perekani mapasipoti mwaulemu, yankhani zomwe mwafunsidwa, ndipo mphindi zochepa mudzakhala mutapita. Layisensi siilowa m'malo mwa pasipoti.

Mapepala a galimoto ofunika ndi ati?

V5C yeniyeni, osati fotokope. Imeneyi ndiyo buluu buku ya ku Britain. Satifiketi ya inshulansi. MOT, yomwe ndi COF ya ku Britain, ndi msonkho wa galimoto zikhale zosatha mpaka mutabwerera. Ngati galimoto ndi ya kampani, ya lizi kapena yobwereka ku Britain, V5C siikhala ndi inu, ndiye pemphani kwa eni ake chikalata cha VE103. Ya m'bale wanu, tengani kalata yosainidwa yokulolani kuituluka nayo ndipo dzina lanu likhale pa inshulansi.

Kumbuyo kumafunika chizindikiro cha UK. Cha GB chinatha ntchito pa 28 Seputembala 2021. Ngati nambala yanu ili kale ndi zilembo za UK ndi mbendera, sitika siifunika, kupatula ku Spain, Malta ndi Cyprus komwe amaifuna basi.

Kodi kuli china chonga Yellow Card ya COMESA?

Chilipo, dzina lake ndi Green Card, ndipo ntchito yake ndi yomweyo: umboni woti inshulansi ya kwanu ilipira munthu amene mwamugunda m'dziko lina. Kuyambira mu Ogasiti 2021 galimoto ya ku Britain siifunikanso kunyamula Green Card m'mayiko a European Union, Switzerland, Norway ndi Serbia. Ku Albania, North Macedonia ndi Turkey ifunseni kwa a inshulansi anu, ndipo akakana mudzagula inshulansi pa boda. Ku Kosovo Green Card siigwira, aliyense amagula pomwepo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti inshulansi yanu ya comprehensive ikhoza kutsikira pa third party mukangowoloka, kapena kukhala yathunthu kwa masiku owerengeka. Imbani foni mufunse, ndipo akulembereni. Gulaninso ya kuwonongeka kwa galimoto panjira. Kukoketsa galimoto yakufa kuchoka ku Italy mpaka ku Leeds kumadya ndalama yoposa mtengo wa galimoto zambiri zomwe timayendera.

Layisensi yanga igwira ntchito?

Ya kakhadi ya ku Britain imagwira mu European Union monse, ku Switzerland ndi ku Norway popanda china. Ya Malawi kapena ya Zambia iyende limodzi ndi International Driving Permit yotengedwa kwanu musananyamuke, chifukwa makampani obwereketsa ndi apolisi a ku Italy, Spain kapena Austria akhoza kuifuna. Kapepalako pakokha si layisensi, kamangomasulira. Kumbukiraninso kuti amene mwakhazikika ku Britain layisensi ya Malawi imakuyenderani miyezi 12 yokha. Ikapitirira, inshulansi yanu ili pa chiopsezo kulikonse komwe mungapite. Provisional, layisensi ya wophunzira, siiloledwa kunja kwa Britain.

Sindinayendetsepo kumanja. N'zovuta bwanji?

Pa msewu waukulu si zovuta, mumangotsatira anzanu. Ngozi imabwera pamene palibe womutsatira: potuluka pa filing'i siteshoni, m'mawa pochoka pa hotela, pa kamsewu ka kumudzi. Dzanja limabwerera lokha ku chizolowezi cha M1. Wokhala pambali panu apatsidwe ntchito yonena kuti "kumanja" nthawi iliyonse mukunyamuka, ndipo musamukwiyire. Pa raundabauti mumazungulira mosemphana ndi wotchi, n'kupatsa mpata ochokera kumanzere. Popeza chiwongolero chanu chili kumbali ya tchire, kupitirira thiraki pa msewu wopapatiza n'kungoyerekeza, dikirani.

Ku France ndi ku Belgium kuli lamulo lomwe limadzidzimutsa alendo. Pa mphambano yopanda chikwangwani, wochokera kumanja ndiye woyamba, ngakhale akutuluka m'kanjira kakang'ono. Chikwangwani chachikasu chooneka ngati dayamondi chimatanthauza kuti msewu wanu ndiwo uli ndi mphamvu. Chikadulidwa ndi mzere wakuda, mphamvuyo yatha.

Magetsi a galimoto ya ku Britain amaunikira kumanzere, ndiye kumeneko amathobwa maso a obwera kutsogolo. Matani timapepala tokhotetsa kuwala, kapena sinthani pa makina ngati galimoto yanu ili nazo.

Ndidziwa bwanji liwiro la dziko lomwe ndalowa?

Pa malire pamakhala chikwangwani cha buluu cha nyenyezi chokhala ndi dzina la dziko, ndipo patsogolo pake china chachikulu choonetsa liwiro la m'tauni, la kunja kwa tauni ndi la pa msewu waukulu. Chiwerengeni, sachibwereza. Zonse zili m'makilomita monga kwathu. Pa misewu ikuluikulu France ndi 130, mvula ikamagwa 110, Belgium, Spain ndi Switzerland 120, Italy ndi Austria 130, Poland 140, Netherlands 100 masana m'malo ambiri. Ku Germany zigawo zina za Autobahn zilibe malire, koma 130 ndiyo yolangizidwa, ndipo mzere wa kumanzere si wa galimoto ya banja yodzaza. M'mayiko ambiri chikwangwani cha dzina la mudzi pachokha chimatanthauza 50, popanda nambala. Ku Brussels ndi ku Paris misewu yambiri ndi 30.

Apolisi a ku France ndi ku Italy akhoza kulipiritsa mlendo pomwepo. Ku Switzerland wothamanga mopyola kwambiri amamulipiritsa molingana ndi zomwe amapeza. Makina ochenjeza za makamera ndi oletsedwa ku France, chindapusa chake mpaka mayuro 1,500, ndipo ku Germany ndi ku Switzerland salolanso. Za mowa: ku England mlingo ndi magalamu 0.8 pa lita imodzi ya magazi, mayiko ambiri 0.5, Poland, Sweden ndi Norway 0.2, pamene Czechia, Slovakia, Hungary ndi Romania salola ngakhale dontho.

Vignette n'chiyani, ndipo ndiigule kuti?

Apa m'pamene ambiri amapsa. Mayiko a ku Ulaya amalipiritsa misewu m'njira zitatu. France, Italy, Croatia, Greece, Portugal ndi zigawo zina za Spain ali ndi zipata zolipirira zonga za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke: mumalipira molingana ndi mtunda, pa khadi kapena kashi. Makinawo ali kumanzere, choncho wokhala pambali ndiye wolipira. Woyenda yekha amachita kutsika. Germany, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg magalimoto ang'onoang'ono salipira, kupatula pa misewu ingapo yodutsa pansi pa madzi.

Gulu lachitatu ndilo la vignette, chilolezo cholipiriratu chogwiritsira ntchito misewu ikuluikulu kwa masiku akutiakuti. Palibe chipata choti chikukumbutseni. Ku Switzerland ilipo ya chaka yokha, mafaranki 40, ngakhale mukungodutsa maola atatu, ndipo ngolo yokoka imafuna yakeyake. Ku Austria ilipo ya tsiku limodzi, ya masiku 10, ya miyezi iwiri ndi ya chaka. Ya miyezi iwiri ndi ya chaka mukagula pa intaneti zimayamba kugwira pa tsiku la 18 chigulireni, pamene ya tsiku limodzi ndi ya masiku 10 zimagwira nthawi yomweyo. Njira zina za m'mapiri monga Brenner, Tauern ndi Arlberg zimalipiritsanso padera. Slovenia, Czechia, Slovakia, Hungary, Romania ndi Bulgaria onse ali ndi vignette ya pa kompyuta yomangidwa ku nambala ya galimoto. Mukalakwitsa chilembo chimodzi, kapena kusokoneza 0 ndi O, ndiye kuti simunalipire.

Gulani musanafike pa malire, pa tsamba la boma kapena pa filing'i siteshoni yomaliza. Pali masamba ambiri ooneka ngati a boma omwe amagulitsa vignette yomweyo pa mtengo wokwera. Ku France, msewu wa A13 wa Paris kupita ku Normandy unachotsedwa zipata mu 2024. Kamera imakujambulani ndipo muli ndi maola 72 oti mulipire pa intaneti.

Nanga masitika olowera m'mizinda?

Ndi nkhani ina, ya utsi. Ku Germany mizinda ngati Berlin, Cologne ndi Munich imafuna sitika yobiriwira ya Umweltplakette. Ku France kuli Crit'Air, yomwe imaitanitsidwa pa tsamba la boma ndi mayuro ochepa ndipo imabwera pa positi, ndiye itanitsani kutatsala masabata. Ku Brussels, Antwerp ndi Ghent kulibe sitika, koma galimoto ya ku Britain iyenera kulembetsedwa pa intaneti. Ku Italy chenjerani ndi zilembo ZTL pa chikwangwani chozungulira cha m'mphepete mofiira: pakati pa mizinda yakale monga Florence, Pisa ndi Rome alendo saloledwa kulowa ndi galimoto, ndipo kamera iliyonse yomwe mwaidutsa ndi chindapusa chakechake. Ikani galimoto kunja mukwere basi kapena tram.

M'galimoto muzikhala zida ziti?

Thirayango ndi jekete yonyezimira, makamaka imodzi pa munthu aliyense. Ku France jeketeyo ikhale mkati momwe mungaifikire musanatsike, osati m'buti. Kabokosi ka first aid n'kofunika ku Austria ndi mayiko angapo a kum'mawa. Nyengo yozizira, Austria imafuna matayala a chisanu kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 15 Epulo msewu ukakhala ndi chipale chofewa, ndipo madera a m'mapiri a ku France amafuna matayalawo kapena matcheni kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi.

Pothira mafuta werengani zilembo: B7 ndi dizilo, E5 ndi E10 ndi petulo. Mayina amasocheretsa. Gazole ku France, gasolio ku Italy ndi gasóleo ku Spain ndi ku Portugal zonsezi ndi dizilo, pamene gasolina ndi petulo.

Kamba wa pa ulendo tinganyamule? Nanga usipa ndi ufa wopita kwa abale?

Funso ili ndilo limabwera kwambiri kuchokera kwa amayi, ndipo yankho lake limawakhumudwitsa. Kuyambira mu Januwale 2021, nyama ndi zonse za mkaka zochokera ku Britain siziloledwa kulowa mu European Union. Nkhuku yokazinga ya m'kontena, soseji, samusa wa nyama, tchizi cha mu sangweji ndi mkaka wa tiyi zonse zili m'gulu lomwelo. Idyani musanafike pa boda, zina mukagule ku Calais. Mkaka wa ufa wa mwana amalola mpaka makilogalamu 2. Zipatso ndi masamba aawisi ambiri zimafuna chikalata cha zaulimi, kupatula zochepa monga nthochi ndi chinanazi.

Nsomba ili ndi mwayi: yowuma kapena yowamba imaloledwa mpaka makilogalamu 20 pa munthu, choncho usipa, utaka ndi chambo chowamba zimadutsa. Ufa wa nsima, mpunga ndi tiyi zilibe vuto. Mbewu zokadzala zisiyeni.

Ndalama ndi katundu wogula, malire ake ndi otani?

Kashi wokwana mayuro 10,000 kapena kuposa ayenera kunenedwa polowa ndi potuluka mu European Union. Ku Britain malire ndi mapaundi 10,000. Si mlandu kunyamula, mlandu ndi kubisa. Ndalama za chipereganyu kapena za chikwati zomwe gulu lakutumani nazo zimawerengedwa ngati zanu.

Switzerland ndi Norway ali mu Schengen koma a kasitomu ake alipo ndithu. Polowa ku Switzerland nyama yopitirira kilogalamu imodzi pa munthu imalipiritsidwa, ndipo katundu wogula wopitirira mafaranki 150 amafuna msonkho. Si onse amagwiritsa ntchito yuro: Switzerland, Denmark, Sweden, Norway, Poland, Czechia, Hungary ndi Romania ali ndi ndalama zawo. Makina a khadi akakufunsani, sankhani kulipira m'ndalama ya dzikolo. Zimitsani data musanalowe ku Switzerland ngati bando yanu ndi ya European Union yokha.

Mnzanga wandipempha kuti ndimutengere phukusi, wina akufuna lifiti. Ndivomere?

Kwathu kukana kutumidwa n'kuipa mtima, tikudziwa. Koma pa boda chilichonse chili m'galimoto ndi cha dalaivala, ndipo mawu oti "anangondipatsira" sanapulumutsepo munthu. Phukusi litsegulidwe pamaso panu, mulimange nokha. Wokana kuti mulitsegule atumize pa positi.

Wa lifiti muone pasipoti ndi viza yake ndi maso anu musananyamuke, ngakhale akhale wa kutchalitchi kwanu. Kudutsitsa munthu wopanda mapepala, ngakhale pa malire opanda mpiringidzo ngati a Austria ndi Germany, ndi mlandu wozembetsa anthu. Galimoto ikhoza kulandidwa, ndipo chilolezo chanu cha ku Britain chikhoza kuthera pomwepo.

Ndikuyenda ndi ana koma bambo awo atsala. Pakufunika chiyani?

Kalata yosainidwa ndi kholo lotsalalo, fotokope ya pasipoti yake ndi satifiketi ya kubadwa ya mwana, makamaka ngati mayina a bambo akusiyana. Mwana wa achemwali anu kwa ife ndi mwana wanu, koma kwa wapolisi ndi mwana wa munthu wina, ndiye kalatayo ichokere kwa makolo onse awiri. Mpando wa mwana ku Germany umafunika mpaka zaka 12 kapena msinkhu wa masentimita 150, kuposa 135 ya ku Britain.

Ndibwereka galimoto ndikatera pa ndege. Ndingatuluke nayo m'dzikolo?

Kawirikawiri inde, koma nenani pobwereka ndipo mayiko onse alembedwe pa pangano. Ambiri amalipiritsa kena kake, ena amaletsa kupita ndi galimoto zodula kum'mawa kapena ku Balkans, ndipo mukapita kosaloledwa inshulansi imafa. Kubweza galimoto m'dziko lina n'kodula kwambiri. Konzani ulendo wozungulira. Amafuna khadi la ngongole la dzina la woyendetsa. Galimoto yobwerekedwa ku Zurich imakhala kale ndi vignette ya Switzerland, koma ya Austria mugula nokha. Zindapusa za makamera zimakupezani kudzera ku kampaniyo, itawonjezerapo yake.

Tikufuna kufika ku Serbia, Montenegro ndi Albania. Viza ya Schengen ikwana?

Mayiko angapo a kumeneko amalandira munthu wokhala ndi viza ya Schengen ya MULT yosatha, koma lililonse lili ndi masiku ake ndi zofuna zake, ndiye funsani ofesi ya kazembe wa dziko lililonse palokha. Onaninso yankho la 01 ndi MULT, ndi la Green Card. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti mizere pa maboda a Hungary ndi Serbia imatenga maola, chifukwa mabanja ogwira ntchito ku Germany ndi ku Austria amakhala akupita kwawo. Serbia siivomereza Kosovo ngati dziko: mukalowa ku Kosovo kuchokera ku Albania n'kufuna kupitirira ku Serbia, akhoza kukubwezani. Zungulirani ku North Macedonia kapena ku Montenegro.

Ku Dublin kudzera ku Belfast kulibe boda. Ndingopita?

Msewu ndi wotseguka, chosintha n'chakuti zikwangwani zimachoka pa mamailosi kupita pa makilomita. Koma ufulu woyenda momasukawo ndi wa nzika za Britain ndi Ireland. Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Ireland, ndipo ya Schengen kapena chilolezo cha ku Britain sizilowa m'malo mwake. Apolisi amaimitsa magalimoto ndi mabasi pa msewu umenewo.

Ndikachita ngozi kapena galimoto ikafa?

Nambala ndi 112 m'mayiko onse a European Union. Valani jekete musanatsike, anthu onse apite kuseri kwa chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Pa ngozi yaing'ono madalaivala awiri amadzaza fomu ya European Accident Statement, yomwe ku France amati constat amiable. Imafanana m'zilankhulo zonse, ndiye sindikizani ya Chingelezi muyende nayo, ndipo musasaine zomwe simukuzimva. Pa misewu ikuluikulu ya ku France galimoto yakufa imakokedwa ndi okhawo ovomerezeka, oitanidwa pa foni za lalanje za m'mbali mwa msewu kapena pa 112. A inshulansi anu amayambira pomwe akusiyani. Ku Germany ndi ku Austria magalimoto akangoyamba kuima pa mzere, a kumanzere kwenikweni amakankhira kumanzere, ena onse kumanja, kusiya njira ya ambulansi pakati.

Pobwerera ku Britain pali chosiyana?

Chilolezo chanu tsopano chili pa kompyuta, eVisa, m'malo mwa khadi la BRP. Musanachoke onetsetsani kuti pasipoti yomwe mukuyendera ndi imene ili pa akaunti yanu ya UKVI, ofesi ya maviza ya Britain, makamaka ngati mwangotenga yatsopano, ndipo tengani share code, nambala yotsimikizira chilolezo chanu, mujambule pa foni.

Munthu wamkulu aliyense amaloledwa malita 42 a mowa wa biya, malita 18 a vinyo, malita 4 a mowa waukali ndi katundu wina wa mapaundi 390. Kuyambira pa 12 Epulo 2025 Britain inaletsa apaulendo kulowetsa nyama ya ng'ombe, nkhumba, nkhosa ndi mbuzi komanso tchizi ndi mkaka kuchokera ku European Union chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, choncho onani ngati chiletsocho chilipobe musanadzaze kula bokosi.

Mukayandikira Calais kapena Dunkirk khomani zitseko, ndipo mukaima pogula zinthu yang'anani m'buti, m'ngolo ndi m'bokosi la padenga musanapite ku doko. Munthu akapezeka atabisala m'galimoto mwanu, chindapusa chimafika mapaundi 10,000 pa munthu mmodzi, ngakhale inu musakudziwa. Mukatsika pa Dover, wokhala pambali uja asinthe nyimbo, ayambe kunena kuti "kumanzere".